Dzino anazula koma ululu unatsala: ndemanga yanga pa kiliniki yopima ululu wa m'kamwa, nsagwada ndi nkhope

Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndawalanda chifukwa cha kudikiritsa komanso kalata yawo yosamveka, zomwe ndifotokoza kumunsiku. Koma pa ntchito imene ndinapitirako, yofufuza chomwe chinkandipweteka, ndilibe nawo mawu oipa.

Ndachita dala kudikira miyezi 4 ndisanalembe. Ndemanga zimene munthu amalemba akungotuluka kumene pakhomo la chipatala sindizikhulupirira kwenikweni, chifukwa tsiku limenelo aliyense mtima umakhala m'malo poti wapeza womumvetsera. Ine ndinkafuna ndione kaye ngati zimene anandiuzazo zigwire.

Vuto langa linali kumanzere, m'munsi, dzino lachiwiri kuchokera kumapeto. Kapena ndinene kuti pamenepo m'pamene ndinkaloza akandifunsa. Sikunali kubaya ayi, kunali kulemera, ngati wina wakanikiza chala n'kuiwala kuchotsa. M'mawa nsagwada zinkadzuka zili gwa, ndipo pofika madzulo ululu unkakwera mpaka m'khutu ndi m'mbali mwa mutu. Dokotala wa mano woyamba analimata dzinolo, osasintha kanthu. Wachiwiri anachotsa mtsempha wa m'kati mwake. Ndinapumako masabata awiri, kenako zija zinayambiranso. Mapeto ake ndinachita kuchonderera ndekha kuti angolizula, ndipo analizuladi. Bala litapola, ululu unangosamukira pa dzino loyandikana nalo, ngati munthu wa lendi wosintha chipinda m'nyumba yomweyo. Nditabwererako kuti azulenso limenelo, adokotala aja anakanitsitsa, n'kundilembera kalata yopita ku kiliniki ndikunenayi. Tsiku limenelo ndinawakwiyira. Lero ndimawathokoza.

Kupeza tsiku kunali kovuta. Ndinadikira masabata 7, foni yawo imangoitana osayankhidwa, ndipo tsiku loyamba limene anandipatsa analisintha m'mawa womwewo ndili kale m'njira. Munthu amene akugona atagwira tsaya sumutero. Atsikana a pa resepishoni anapepesa bwino, koma kupepesa sikunandibwezere tsiku limene ndinapempha kuntchito.

Nditafika anandipatsa fomu yokhala ndi chithunzi cha mutu wa munthu, kutsogolo ndi m'mbali, kuti ndidetse ndi cholembera paliponse pamene pamawawa. Ndinayamba ndi kadontho pa dzino. Kenako ndinakumbukira khutu, m'mbali mwa mutu, pansi pa tsaya. Pomaliza ndinapeza kuti ndadetsa theka la nkhope. Zaka ziwiri zonse palibe amene anandipemphapo kuchita zimenezi, ndipo inenso ndinali ndisanazindikire kuti malowo ndi aakulu chonchi.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti kwa mphindi pafupifupi 40 adokotala sanandiuze n'komwe kuti ndiyasame. Anakhala pa mpando, ine pa mpando wamba, n'kumangofunsa. "Mayi, mayina a matenda amene ena anakuuzani tiwasiye kaye. Ndiuzeni mmene kumawawira." Poyamba ndinaona ngati akutaya nthawi. Koma funso lililonse ankandiuza chifukwa chake, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona kuti akusefa, kuchotsa chimodzichimodzi.

Anafunsa ngati ululuwo umabwera mwadzidzidzi ngati shoko ya magetsi ndikamasamba kumaso, kutsuka mano kapena kamphepo kakandiwomba patsaya. Ndinati ayi. Anafotokoza kuti nkhope yonse imamva kudzera mu mtsempha umodzi mbali iliyonse, wotchedwa trigeminal, umene uli ndi nthambi zitatu: ya pamphumi ndi diso, ya patsaya ndi mano am'mwamba, ndi ya nsagwada yam'munsi. Mtsempha umenewu ukapanikizika, nthawi zambiri ndi mtsempha wa magazi pafupi ndi ubongo, munthu amamva kung'anima kwa ululu kotenga masekondi ochepa mpaka mphindi 2, kenako zii. Matendawa ndi trigeminal neuralgia, ndipo anthu ambiri amene ali nawo amayambira kwa dokotala wa mano poganiza kuti ndi dzino. Mankhwala wamba opha ululu sathandiza. Amayamba ndi carbamazepine, mankhwala amene amaperekedwanso kwa odwala khunyu, n'kujambula mutu ndi MRI, makina oonetsa m'kati mwa thupi. Zanga sizinkafanana nazo. Zanga zinali zosang'anima, zokhalitsa tsiku lonse.

Ena mwa mafunsowo ndinachita nawo mantha. Kodi nsagwada zimawawa ndikamakwera masitepe kapena kuyenda mothamanga, n'kusiya ndikapuma? Ameneyo akhoza kukhala mtima, chifukwa ululu wa mtima umatha kumvekera m'nsagwada, pena popanda chifuwa kuwawa. Kodi nsagwada zimatopa pakati pa kutafuna, m'mbali mwa mutu mukuwawa ngakhale kupesa tsitsi, maso akuchita chidima? Anati kwa munthu wopitirira zaka 50 zimenezo sizidikira mawa. Kungakhale kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa mutu, kumene kungachititse khungu, ndipo amayeza magazi tsiku lomwelo. Ine zaka 50 sindinafike ndipo zizindikirozo ndinalibe, koma ndinatuluka ndikuganizira achikulire athu amene amangoti "ndi mutu chabe."

Zina anangodutsamo mwachangu. Ngati mano angapo am'mwamba amawawira pamodzi ndikawerama, mphuno zitatsekeka, ndiye kuti ndi timphako ta m'mafupa a masaya, chifukwa mizu ya mano am'mbuyo imakhala pafupi nato kwambiri. Ngati pansi pa chibwano pamatupa ndikangoyamba kudya n'kuphwa pambuyo pake, kangakhale kamwala m'njira ya malovu. Anafunsa ngati ndinadwalapo mashingozi kumaso, ngati lilime limatentha, ngati ndili ndi shuga kapena magazi ochepa, ndiponso ngati m'kamwa muli chilonda chimene chatha masabata 3 osapola, poti chotero amafuna kutsimikiza kuti si khansa.

Pa mapilitsi m'pamene anandigwira. Atandiuza kuti ndiwerenge masiku amene ndimamwa mankhwala opha ululu pa mwezi, ndinapeza 20 kapena kuposerapo. Iwo anangogwedeza mutu. Anati munthu akamamwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kwa miyezi ingapo, mankhwala omwewo amayamba kumudwalitsa mutu. Ndinachita manyazi, ngakhale sanandikalipire.

Kenako m'pamene ndinakwera pa mpando wa mano uja. Anayamba ndi dzino limene ndinkalinamizira. Anaikapo kathonje kozizira kwambiri: ndinamva kuzizira, atachotsa kunatha pompo. Anati dzino limene mtsempha wake watupa limapitiriza kuwawa kathonje katachoka kale. Analigogoda ndi chigwiriro cha kagalasi kawo, osamva kanthu. Anandilumitsa kapulasitiki pa nsonga iliyonse ya dzinolo n'kumati "lumani, tayani," chifukwa dzino long'aluka limabaya makamaka potaya, ndipo mng'alu wake kawirikawiri suoneka pa ekisileyi. Palibe chimene chinachitika. Anajambula chithunzi chimodzi chachikulu choonetsa nsagwada zonse ndi mano onse, chinatuluka choyera, kupatula mpata wa dzino langa lija.

Atatero anatenga karula n'kuyeza kuyasama kwanga: mamilimita 31 ndisanayambe kumva kuwawa. Anati anthu ambiri amafika 40 kapena kupitirira, pafupifupi zala zitatu zoimika pakati pa mano. Zanga zitatu sizinkalowa. Anaika zala patsogolo pa makutu onse awiri n'kundiuza kuti nditsegule ndi kutseka. Kumanja kunalira kuti tho. Ndinati, "Adokotala, vuto si limenelo?" Iwo anaseka pang'ono. Anati polumikizira nsagwada pali kachichereechere kamene kamatha kusuntha n'kumalira chonchi, ndipo anthu ambiri ali nako popanda vuto. Ngati sikakuwawa ndiponso nsagwada sizikukakamira, amakasiya. Ndiyetu kulirako kunali kumanja, ululu wanga uli kumanzere.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Anandiuza kuti ndilume mano mwamphamvu, n'kugwira mnofu umene umatukuka patsaya chakumapeto kwa nsagwada. Atati nditaye, anayenda ndi chala pang'onopang'ono mumnofumo mpaka anapeza kamfundo kolimba ngati kanjere. Anakanikiza n'kugwira osachotsa, akuwerenga mpaka 5. "Mukumva pati, mayi?" Ndinalephera kuyankha msanga. Chala chawo chinali patsaya, kunja, koma ine ndinkamva m'dzino. Ululu womwe uja, wolemera uja, wa zaka ziwiri, unabwera wonse mpaka misozi inalengeza. Atachotsa chala unayamba kuzilala. Anabwereza, unabweranso.

Sanakhutire ndi zimenezo zokha. Anabaya jakisoni wa dzanzi pa dzinolo. Mlomo unalemera, dzino linachita zii, koma atakanikizanso patsaya paja ululu unali pomwepo. Anati likanakhala dzino, bwenzi jakisoniyo atauzimitsa. Kenako anandipatsa galasi n'kundionetsa zinthu ziwiri zimene ndakhala nazo m'kamwa mwanga osaziona: mzere woyera m'kati mwa tsaya, pamene mano amakumana, ndi m'mphepete mwa lilime mokhala timapindi ta mano. Zonsezi zimapezeka kawirikawiri kwa anthu olumanitsa mano. Ine ndinakana, ndinati amuna anga sanandimvepo ndikukukuta mano usiku. Iwo anati kukukuta kumamveka koma kulumanitsa kulibe phokoso, ndipo ambiri amachita masana maso ali pa kompyuta. Anandifunsa kuti panthawi yomweyo mano anga anali bwanji. Anali olumana. Munthu akangokhala, mano am'mwamba ndi am'munsi sayenera kukhudzana, pamakhala kampata ka mamilimita awiri kapena atatu. Ine ndinkaganiza kuti kutseka pakamwa n'kulumanitsa mano.

Ndiye matenda ake anali mnofu wotafunira wotopa, umene ululu wake ubongo umausokoneza n'kuuika pa dzino, poti zonse zimadutsa mumtsempha umodzi uja. MRI sanandilembere, ndipo anafotokoza kuti palibe chizindikiro choifunira. Ndinasangalala nazo, chifukwa ndinalowa ndikuganiza kuti andidutsitsa m'makina onse kuti bilu ikule.

Chithandizo chake n'chosachititsa kaso, ndinenetu. Nsalu yofunda patsaya kawiri pa tsiku, kusisita mnofuwo mmene anandionetsera, kusiya chingamu, kupewa zolimba kwa masabata angapo, kuchirikiza chibwano ndi chibakera poyasamula, ndi kuchepetsa mapilitsi. Pa foni ndinaika alamu ya ola lililonse yongondikumbutsa kulekanitsa mano. Sabata yoyamba alamu ikalira ndinkapezeka nditaluma pafupifupi nthawi zonse. Anandipimanso kachipangizo kolimba kovala m'mano pogona, komwe iwo amakatchula kuti splint.

Apa m'pamene panabwera dandaulo langa lachiwiri. Kachipangizoko kanabwera kothina pa mano akutsogolo ndipo kanandicheka nkhama usiku wachitatu. Nditaimba, anandipatsa tsiku la masabata awiri kutsogolo, ngati kuti ndine wodwala watsopano. Kukonza kwake kunatenga mphindi 10 zokha: kundilumitsa kapepala kabuluu, kupala pamene padinda, basi. Ntchito ya mphindi 10 sumudikiritsira munthu masiku 14. Ndipo akanandichenjeza kuti masiku oyamba pilo amanyowa ndi dovu, bwenzi ndisanadabwe.

Kalata imene analembera dokotala wanga wa mano, n'kundipatsa kope, inafika patatha mwezi. Adokotala amene pakamwa ankafotokoza zomveka ngati mphunzitsi wabwino, papepala analemba "myofascial pain with referral" ndi zidule zina zimene sindinazitolepo kanthu. Ndikumvetsa kuti kalatayo inali ya madokotala okhaokha. Koma kapepala kena kachidule, kolembera wodwala zimene apeza ndi zoti azichita kunyumba, sikangawavute. Ndinachita kulemba ndekha zimene ndinakumbukira ndili m'galimoto, ndipo ndikudziwa kuti zina zinanditayika.

Nditapitanso patatha miyezi 3, karula kaja kanawerenga mamilimita 42. Ululu umene pa fomu yoyamba ndinaupatsa 7 mwa 10, tsopano masiku ambiri uli pa 2, masiku ena kulibiretu. Sunatheretu. Kumapeto kwa mwezi, ntchito ikandipanikiza, umabwera kudzandizonda, koma ndimadziwa pogwira ndipo pakatha masiku awiri umabwerera. Adokotala anali atandiuziratu kuti zidzatero, sanandilonjeze kuchira kotheratu, ndipo n'chifukwa china chimene ndikuwakhulupirira.

Kiliniki iyi ndi ya munthu amene mano ake awamata, awachotsa mitsempha, mwinanso kuwazula, koma ululu uli chikhalire, kapena amene madokotala akumuuza kuti sakuona kanthu. Ngati tsaya latupa, thupi latentha, kumeza kapena kupuma kukuvuta, musadikire masabata 7 awowo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mafinya a dzino amafalikira msanga. Popita tengani zithunzi zonse za ekisileyi zakale ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa. Ine zithunzi ndinaziiwala, ndipo adokotala anachita kuimbira foni mnzawo uja kuti awatumizire.

Mpata wa dzino lija ulipobe, lilime limangopitapo lokha ndikakhala chete. Ndinafunsa ngati kulizula kunali kulakwitsa. Iwo anati dzino limene sanalione sangaliweruze, ndipo anathera pomwepo. Mwezi wamawa ndikupita kukakambirana zoikapo lina.