Timapepala toyezera mankhwala a ng'ombe otsalira mu mkaka: ndemanga ya wopanga yogati

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ntchito yake timapepalati timaigwira, ndipo bokosi limene ndili naloli likatha ndigulanso. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo, kuvuta kwa kasungidwe, komanso malangizo olembedwa ngati kuti wogula aliyense ali ndi labotale kuseri kwa nyumba.

Ine ndimapanga yogati ndi chambiko kuno ku Blantyre, kabizinesi kakang'ono chabe. Mkaka ndimagula kwa alimi a mbali za Bvumbwe ndi Chiradzulu, ndipo umafika m'mamawa m'zigubu zomangirira pa njinga zamoto. Kale ndinkangoyeza zimene ambiri amayeza m'malo osonkhanitsira mkaka: kuviika lactometer kuti ndione ngati athiramo madzi, ndi kusakaniza mkaka pang'ono ndi sipiriti kuti ndione ngati wayamba kusasa. Mayeso awiriwa mankhwala sawaona n'komwe. Mkaka wa ng'ombe imene yabayidwa jakisoni dzulo umakhala woyera bwinobwino, fungo lake labwino, wosasukuluka. Umadzaululika madzulo, pamene yogati wakana kugwirana, ali tiwiii ngati mkaka wamba, shuga ndi magetsi zitapita kale. Tizilombo tabwino timene timasandutsa mkaka kukhala yogati, makamaka Streptococcus thermophilus, sitichedwa kufooka ndi penicillin ngakhale wochepa kwambiri. Ndipo musanamizidwe kuti kuwiritsa kumathetsa vutoli. Moto umapha majeremusi, koma mankhwala ambiri otere amatsalabe mu mkakamo.

Makampani opanga timapepalati alipo ambiri, a ku Ulaya, ku America ndi ku China, ndipo kagwiridwe kake n'kofanana. Tanga ndinagula kudzera kwa wogulitsa zipangizo za m'labotale mumzinda mom'muno. M'bokosi muli mayeso 96, ndipo kapepala kalikonse kamafufuza magulu awiri a mankhwala nthawi imodzi: gulu la penicillin, momwe mulinso amoxicillin, ampicillin ndi cloxacillin wa m'timachubu tothira m'mawere tija, ndi gulu la tetracycline, momwe muli oxytetracycline amene alimi amamudziwa bwino.

Kuyeza kwake n'kosavuta mukazolowera. Pali timakapu tating'onoting'ono, kukula kwake kosaposa nsonga ya chala chaching'ono, ndipo pansi pa kalikonse pali kaufa kofiirira kouma. Mumatunga mkaka ndi kapaipi kapulasitiki kamene kamabwera m'bokosi momwemo, madontho ochepa chabe, n'kuthira m'kakapumo, kenako kukoka ndi kubweza kangapo mpaka mkaka usanduke wapinki paliponse. Mumadikira mphindi zochepa, n'kuimikamo kapepala. Apa ndi pamene ndimakonda kuyang'anitsitsa: mkaka umakwera pang'onopang'ono m'kapepalamo, kunyowa kukuyenda, ndipo timizere timayamba kuoneka, koyamba mozimiririka, kenako kufiira bwino. Zonse sizipitirira mphindi 10. Mnyamata wa njinga amakhala asanamalize n'komwe tiyi wake.

Pamene pamasokoneza anthu ndi pa kawerengedwe. Tonse tinazolowera kachipangizo koyezera malungo kuchipatala, kamene mzere wachiwiri ukaoneka ndiye kuti matenda apezeka. Apa zili mosemphana. Mizere yonse ikaoneka yofiira bwino, mkaka uli bwino. Mzere wa gulu lina la mankhwala ukazimiririka kuposa mzere wotsimikizira (mzere wosonyeza kuti kapepala kakugwira ntchito), kapena ukasowa, ndiye kuti mankhwala a gulu limenelo alimo. Mzere wotsimikizirawo ukapanda kuoneka, kapepalako n'kowonongeka, tayani muyambirenso. Aliyense amene ndamuphunzitsa kuyeza amayamba wakana kaye zimenezi, mpaka ndinajambula mizereyo ndi cholembera pa katoni n'kukhoma pakhoma pamwamba pa tebulo.

Chifukwa chake chili m'kaufa kofiirira kaja. M'menemo muli ma antibody, mapuloteni amene thupi la nyama limapanga kuti agwire chinthu chachilendo chimene chalowa m'magazi, aliyense ndi chinthu chakechake. Opanga amawamatirira ku timibulu tosaoneka ndi maso ta golide, ndipo golide wophwanyika choncho ndiye amapereka mtundu wofiirawo. Pa mzere wa pakapepala anapakapo kale mankhwala omwewo amene tikufufuza. Mkaka ukakhala wopanda mankhwala, ma antibody amakwera manja ali lende, n'kukagwira mankhwala a pamzerewo, mzere n'kufiira. Mkaka ukakhala ndi mankhwala, ma antibody amakhala atagwira kale a mu mkakawo m'kakapu muja, ndiye pamzere amangodutsa osaima. Pa gulu la penicillin makampani ambiri amagwiritsa ntchito puloteni ina yochokera ku mabakiteriya m'malo mwa antibody, koma njira ndi yomweyo.

Ndinachita chidwi nditamva mmene ma antibody amenewa amapangidwira. Mankhwala ngati tetracycline ndi aang'ono kwambiri moti mukabaya nawo mbewa kapena kalulu, thupi lake silivutika n'kupanga chitetezo cholimbana nawo. Choncho amayamba awamangirira ku puloteni yaikulu, n'kubaya zonse pamodzi, ndipo apo thupi limadzuka. Mu 1975, asayansi Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge, ku England, anapeza njira yotengera selo limodzi lopanga antibody wofunikayo n'kulichulukitsa kosalekeza, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1984. N'chifukwa chake bokosi la chaka chino limayeza mofanana ndi la chaka chatha. Mtengo ukamawawa, ndimakumbukako zimenezi n'kutsitsa mtima pang'ono.

Mlingo umene timapepalati timafufuza ndi wochepa modabwitsa. Bungwe la Codex Alimentarius, loika miyezo ya chakudya padziko lonse, limene FAO ndi WHO, nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zaumoyo, anakhazikitsa mu 1963, linaika malire a penicillin mu mkaka pa mamaikulogalamu 4 pa lita imodzi, ndipo a tetracycline pa mamaikulogalamu 100. Maikulogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa kamiliyoni. Tanthauzo lake kwa ife ogula ndi lakuti chigubu chimodzi cha ng'ombe yobayidwa chikhoza kuipitsa thanki yonse ya mkaka wabwino wa alimi ena. Anthu ena penicillin sawayanja, amatuluka zidzolo kapena kubanika, ndipo kumwa mankhwala pang'onopang'ono choncho tsiku ndi tsiku kumathandiza majeremusi kuzolowera mpaka mankhwala a kuchipatala kusiya kugwira. Yogati wanga ambiri amagulira ana, ndiye nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Chimene sindinkayembekezera ndi mmene kapepalaka kasinthira kayankhulidwe kanga ndi alimi. Kale yogati akakanika ndinkangokayikira aliyense, ndipo kukayikira kopanda umboni kumangodanitsa anthu. Tsiku lina chigubu cha bambo wina wachikulire, munthu wosamala ziweto zake amene mkaka wake sunapezekepo ndi madzi, chinazimitsa mzere wa penicillin. Ndinabwereza ndi kapepala kena, zotsatira zomwezo. Ndinawaimbira foni.

"Bambo, ng'ombe zanu zili bwanji masiku ano? Palibe imene yalandira mankhwala?"

"Ayi mayi, zili bwino. Kungoti ija yakuda inatupa bere limodzi, ndiye dzana tinathiramo kachubu kaja. Koma bere lodwalalo sitikukama m'ndowa ayi, tikutaya pansi. Tikubweretsa wa mawere atatu enawo."

Sankanama, ndipo sankafuna kundibera. Ankakhulupirira ndithu kuti mankhwala akhala m'bere momwe anawathiramo. Koma mankhwala amalowa m'magazi n'kufika m'mawere enawo, choncho mkaka wonse wa ng'ombeyo umayenera kusiyidwa mpaka masiku olembedwa pa chubu kapena pa botolo atakwana. Ndinawatumizira chithunzi cha timapepala tiwiri pa WhatsApp ya mdzukulu wawo, kamodzi ka mkaka wawo, kena ka mkaka wabwino, titagona pambali. Sanatsutse. Anangofunsa funso limene mpaka pano limandivuta: "Nanga masiku amenewa ine ndidya chiyani, mayi?" Mlimi wa ng'ombe ziwiri akataya mkaka wa imodzi kwa masiku angapo, ndiye kuti theka la ndalama zake lapita. Kapepala yankho la zimenezo kalibe. Ine ndi alimi anga tinagwirizana kuti amene wanena yekha kuti wabaya ng'ombe sataya malo ake kwa ine, ndipo masiku akakwana ndimamuyezera ulere. Amene wabisa n'kugwidwa ndiye timakambirana zina. Kuyambira pamenepo mafoni onena okha anachuluka.

Tsopano zodandaula. Choyamba ndi firiji. Bokosi limafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo mmene magetsi amathimira kuno, makamaka kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, mtima sukhala m'malo. Ndimasunga mabotolo a madzi oundana kuti magetsi akapita ndisamutsire timapepala m'kabokosi kozizira. Osatiika m'chipinda choundanitsa, timawonongeka. Musanayeze muyeneranso kutulutsa timene mukufunato kuti tifunde kaye, ndipo chubu chake muzitseka msanga chifukwa chinyezi chimatiwononga. Bokosi langa lina linafika kwa wogulitsa litatsala miyezi yochepa kuti lithe mphamvu, iye osanena kanthu. Yang'anani tsiku lotha ntchito musanapereke ndalama, ndipo mufunse kuti paulendo linasungidwa bwanji.

Mtengo umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, ndipo ndalama zakunja zikasowa timapepalati timasowanso. Kuyeza chigubu chilichonse tsiku lililonse sindingakwanitse. Ndimatapa pang'ono m'zigubu za gulu limodzi, kusakaniza, n'kuyeza kamodzi ndisanakhuthulire mu thanki. Zikatuluka zoipa m'pamene ndimayeza chimodzichimodzi. Musasakanize zigubu zambirimbiri pa kuyeza kumodzi, chifukwa mkaka wabwino umasukulutsa woipawo mpaka kapepala kulephera kuuona.

Malangizo ali m'Chingerezi chovuta, zilembo zing'onozing'ono. Pali tebulo losonyeza mlingo umene kapepala kamayambira kuona mankhwala aliwonse, ndipo ndi lofunika kuliwerenga modekha, chifukwa mankhwala ena kamawaona ali pansi pa malire ovomerezeka. Mkaka ukhoza kuoneka woipa pakapepala koma mwalamulo uli bwino. Mizere yokhala pakatikati, yosafiira kwenikweni komanso yosazimiririka kwenikweni, imavuta kuweruza ndi maso, makamaka m'kuwala kwa babu m'bandakucha. Ndimatuluka nako panja, ndipo ndikakayika ndimabwereza. Kachipangizo kowerengera mizereyi kalipo, koma mtengo wake ndi wa mafakitale aakulu. Mkaka wosasa, wa mafuta ambiri osasakanizika, kapena wa ng'ombe yongobereka kumene sukwera bwino m'kapepala, ndipo zotsatira zake musazidalire.

Dziwaninso kuti kapepala kamangochenjeza, si chigamulo. Sikakuuzani dzina lenileni la mankhwala kapena kuchuluka kwake. Zimenezo zimafuna makina a m'labotale, ndipo nkhani ya miyezo ndi ziphaso ndi ya a Malawi Bureau of Standards. Mnzanga wina woweta nkhuku ku Lunzu anandipempha kuti ndimuyezere nyama ndi mazira. Sizitheka, timeneti ndi ta mkaka basi. Za nyama, mazira ndi uchi zili ndi mayeso akeake, ndipo ambiri mwa iwo amafuna kupera nyamayo, kuisungunula ndi mankhwala ena n'kuwerenga ndi makina.

Mpata waukulu pa bokosi limene ndinagulali ndi streptomycin. Jakisoni wa Penstrep, amene amapezeka m'masitolo ambiri a mankhwala a ziweto, ali ndi penicillin ndi streptomycin pamodzi, koma kapepala kanga kamaona penicillin yekha. Mankhwala a gulu la sulfa nawonso sikawaona. Tilipo timapepala tina tofufuza magulu atatu kapena anayi, tina mpaka chloramphenicol, amene mayiko ambiri analetsa pa ziweto zodyedwa chifukwa amatha kuwononga mafuta a m'mafupa opanga magazi. Musanasankhe, funsani alangizi a ziweto a dera limene mumagulako mkaka kuti alimi kumeneko akubaya chiyani kwenikweni, kenako muyerekeze ndi tebulo la m'bokosi. Ine ndauza kale wogulitsa kuti ulendo uno andipezere tofufuzanso streptomycin, ndipo ngati alipo opanga yogati ena kuno ku Blantyre ofuna kuti tiitanitse limodzi n'kugawana mtengo wa ulendo, tikhoza kukambirana.