Kamakina koyezera mercury m'madzi: n'kabwino, koma sikanena zonse

Nyenyezi 4 pa 5.

Bungwe lathu linagula kamakina aka kuti tiziyeza madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime za kumadera okumba golide, poti okumba ena amagwirira golide ndi mercury, chitsulo chapoizoni chooneka ngati madzi asiliva. Kale tinkatunga madzi m'mabotolo, kuwatumiza ku labu, n'kumadikira masabata. Pano yankho timalipeza tidakali m'mbali mwa mtsinje, amfumu ali pomwepo akuonerera.

Kamabwera m'kachikwama, ndi batire yochajitsa komanso timapepala tolimba tokhala ndi kadontho ka golide kunsonga. Mumathira madzi m'kakapu, kudonthezamo asidi pang'ono, n'kuviikamo kapepalako. Magetsi ochepa amakokera mercury yosungunuka m'madzimo kuti ikakamire pa golide uja. Ndi chikondi chomwecho cha mercury ndi golide chimene okumba amadalira, kungoti apa golide ndiye akugwira mercury. Ikakakamira, makina amasintha mphamvu ya magetsi, mercury n'kukanganuka, ndipo pagalasi pamatuluka mzere wokwera ngati chulu. Chulucho chikatalika ndiye kuti mercury ndi yambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamaikulogalamu 6 (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita m'madzi akumwa, ndipo m'madzi oyera kathu kamazindikira ngakhale yochepera pamenepo.

Vuto ndi madzi amatope. M'dzinja mtsinje ukafiira, manambala amadumphadumpha mpaka mutasefa madziwo, ndipo mukasefa dziwani kuti mercury ina yatsalira m'matope omwewo. Kopa akachuluka m'madzi amasokonezanso mzere uja. Muyenera kuthiramo madzi amene mukudziwa kale muyezo wa mercury yake kuti muyerekeze, apo ayi mukungolota. Timapepala tija timatha msanga, ndi todula, ndipo timachita kuitanitsa kunja. Apa ndi pamene ndachotsera nyenyezi imodzi.

Chondidetsa nkhawa si makinawo ayi, koma mmene anthu amamvera zotsatira. Akangomva kuti nambala yatsika amati basi, nsomba tizidya. Pepani, sizili choncho. Kamakina aka kamayeza mercury ya m'madzi. Yoopsa kwambiri ndi ija imene tizilombo ta m'matope timaisandutsa methylmercury, n'kumaunjikana m'mnofu wa nsomba, makamaka zikuluzikulu zodya zinzake. Anthu a ku Minamata, ku Japan, amene matenda awo anadziwika mu 1956, anadwala chifukwa chodya nsomba ndi nkhono za m'nyanja zimene zinali ndi methylmercury. Nsomba ndi matope tikutumizabe ku labu.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi a zachilengedwe ofuna kudziwa chitsime choti ayambire kuchikayikira, kagulani. Muitanitsiretu timapepala tokwanira chaka chonse, ndipo asidiyo musamusiye m'galimoto padzuwa.