Ndemanga yanga pa loya wa ku Tete amene anandiyendetsera mlandu wa chisamaliro cha ana

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndalemba izi chifukwa amayi anzanga a pamsika wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, akhala akundifunsa ngati kutenga loya wa ku Tete pa mlandu wa m'banja n'kwanzeru kapena n'kungotaya ndalama. Kwa ine zinathandiza, ndipo chimene chinathandiza kwambiri chinachitika tisanaponde n'komwe pakhomo la khoti, pa nthawi imene tinkangolemberana. Dzina lawo sinditchula. Ndi amayi, ofesi yawo ili mumzinda wa Tete, ndipo ntchito yambiri tinaigwira pa WhatsApp chifukwa kuchokera kuno ku Angónia kukafika kumeneko ndi ulendo woposa makilomita 200, wodya ndalama ya shapa (minibasi) komanso tsiku lonse la malonda.

Nkhani yanga ndi ya ambiri. Ndinakhala pabanja zaka zoposa 10, ukwati wa ankhoswa, wosalembetsa ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi ana obadwa. Tili ndi ana atatu. Bambo awo atapeza ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize anapezanso banja lina kumeneko, ndalama zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako zinangoti zii. Ankhoswa anakhala pansi, akubwalo la m'dera anayesetsanso, bamboyo amavomera zonse pamaso pa anthu koma mwezi ukatha palibe chofika. Ine ndimagulitsa mbatatesi ndi nyemba, ndipo phindu lake silingakwanire anthu anayi.

Uthenga wanga woyamba kwa loya unali wautali, wodzaza ndi zonse zimene zinali mumtima. Iwo anayankha mwaulemu kuti, "Mayi, ndamva ndipo pepani. Tsopano tiyeni tione zimene woweruza adzafune kuona." Kenako anatumiza mafunso. Ankafuna mayina a ana ndi masiku awo obadwa monga mmene zalembedwera pa cédula, chikalata cha kubadwa, osati mmene timawaitanira pakhomo. Ankafuna kudziwa kumene anawo akugona ndi amene akuwasamalira tsiku ndi tsiku. Anafunsa kumene bambo awo akukhala ndi kumene akugwira ntchito, mwatsatanetsatane, chifukwa kalata ya khoti ikapanda kumupeza munthu mlandu umaima. Anapempha chithunzi cha BI yanga (chiphaso cha unzika), mauthenga a M-Pesa osonyeza ndalama zimene bamboyo anatumizapo ndi pamene analekera, komanso mndandanda wa zimene ana amafuna pa mwezi: chakudya, sopo, yunifolomu, makope, nsapato, mankhwala, nkhuni ndi makala. Anandiuza kuti ndisakweze mitengo ngakhale pang'ono, ndipo malisiti amene ndili nawo ndiwasunge m'pulasitiki. Pa mndandandawu tinabwerezabwereza mpaka chilichonse chinali choti ndingachifotokoze ndekha wina atandifunsa. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi imene inadzanyamula mlandu wonse.

Chimene chinandipangitsa kuwakhulupirira ndi chakuti ndisanalipire kalikonse anandiuza njira zaulere. Anati pa nkhani ya ana ndikhoza kupita ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, kumene kuli curador de menores amene ntchito yake ndi kuimira ana, ndipo angathe kukasuma m'malo mwawo. Anatinso kuli IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizithandiza pa milandu anthu osowa ndalama, ndipo kumeneko amafuna atestado de pobreza, kalata yotsimikizira kuti ndiwe wosauka, yochokera kwa akuluakulu a dera. Munthu wofuna ndalama zokha sakanandiuza zimenezi. Ine ndinasankha kupitiriza nawo chifukwa panalinso nkhani ya nyumba imene tinamanga limodzi, komanso ndinamva kuti bamboyo akufunafuna loya wake. Koma mayi amene vuto lake ndi chakudya cha ana chokha ayambe kaye wapita kumaofesi amenewo.

Anandithandizanso kuona kuti m'mutu mwanga ndinali nditaphatikiza milandu itatu. Woyamba ndi woti ana azikhala ndi ndani ndipo kholo linalo liziwaona liti. Wachiwiri ndi wa ndalama za chisamaliro, zimene m'mapepala amalemba kuti pensão de alimentos. Wachitatu ndi wa katundu. Iwiri yoyambayo imayendera limodzi ndipo ndi yachangu chifukwa ana amadya tsiku lililonse, pamene wa katundu uli ndi njira yakeyake ndipo umafuna umboni wina. Ine ndinkaopa kuti popeza sitinalembetse ukwati ndiye kuti boma silindidziwa. Loya anandifotokozera kuti Lamulo la Banja limene linakonzedwanso mu 2019, Lei 22/2019, limazindikira mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zoposa 3, pomwe lamulo lakale la 2004 linkati chaka chimodzi, ndipo katundu amene apeza ali limodzi amaonedwa kuti ndi wa onse awiri. Pa za ana anati ukwati ulembetsedwe kapena ayi, udindo wa kholo susintha. Za munda anandichenjeza kuti ndisayembekezere kuugulitsa n'kugawana ndalama, chifukwa ku Mozambique nthaka ndi ya boma, chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito.

Pamene ndinaona luso lawo lenileni ndi pa mwana wanga wotsiriza. Nditamulembetsa bambo ake anali kale ku Moatize, ndiye pa cédula yake panali dzina langa lokha. Loya anaona zimenezi pa chithunzi chimene ndinatumiza ndipo anandiimbira foni tsiku lomwelo. Anati tikapereka mlandu choncho, bamboyo akhoza kungoti mwanayo si wake, ndipo tingayambe kaye mlandu wina wofufuza ubambo, umene ungatenge nthawi yaitali. Analemba kalata yaulemu kwa bamboyo yomupempha kuti akavomereze mwanayo ku Registo Civil mwa kufuna kwake, ndipo anandilangiza kuti kalatayo iyende limodzi ndi mawu a amalume a bamboyo, amene anali nkhoswa ya kuchimuna. Amalumewo anamuuza kuti, "Mphwanga, mwanayu tonse tinamudyera nsima ya chikuta, lero ungamukane pamaso pa ndani?" Bamboyo anapita n'kukasaina. Ndinasangalala kuti loya sananyoze ankhoswa, ankadziwa zimene akulu angathe ndi zimene zimafuna chidindo cha khoti. Anandiuza mosabisa kuti ankhoswa ndi mabwalo a m'dera amayanjanitsa anthu, koma sangalamule kampani kuti idule ndalama pa malipiro a munthu.

Mlandu tinaupereka kukhoti la boma lathu lino la Angónia, popeza nkhani ya ana imaweruzidwa kumene anawo akukhala. Ine ndinkaganiza kuti ndiziwoloka mtsinje wa Zambezi kupita ku Tete mwezi ndi mwezi, koma ayi ndithu, amene anayenda ndi loya ndi bamboyo. Ndinasaina procuração yowapatsa mphamvu yondiimira, iwo analemba pempho lonse m'Chipwitikizi, ndipo asanalipereke anandiwerengera pa foni ndime ndi ndime m'Chichewa kuti ndimve chimene chikunenedwa m'dzina langa. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chinyungwe koma tinkamvana bwinobwino. Anapemphanso kuti khoti liike ndalama yongoyembekezera mlandu usanathe, chinthu chimene sindinkadziwa kuti chimatheka.

Pa tsiku limene woweruza anaitana makolo tonse awiri, bamboyo ananena kuti sukulu za boma n'zaulere ndiye ana safuna zambiri. Loya sanakweze mawu. Anavomera kuti kulembetsa mpaka kalasi 9 salipiritsa, kenako anatulutsa mndandanda uja ndi malisiti ake. Anali atandiuziratu kuti lamulo silinaike gawo lokhazikika la malipiro, woweruza amayeza zosowa za ana ndi mphamvu za kholo, ndipo amaganiziranso kuti bamboyo ali ndi mwana wina kumene ali. Zimenezi zinandipweteka kumva koma zinandikonzekeretsa. Tinagwirizana pa ndalama yocheperapo kuposa imene ndinkafuna, woweruza anavomereza mgwirizanowo, ana anatsala ndi ine, ndipo amapita kwa bambo awo pa tchuthi. Bamboyo atadumphitsanso miyezi, loya anabwerera kukhoti ndipo tsopano ndalamayo imadulidwa pa malipiro ake asanalandire. Chiyambireni zimenezo sinaphonyepo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zenizeni. Choyamba, amachedwa kuyankha. Pali nthawi zina uthenga umaoneka kuti auwerenga koma yankho osabwera, ndipo munthu amene ana ake akudikira chakudya sagona tulo pa nthawi ngati imeneyo. Ndikudziwa kuti amakhala m'makhoti, koma mawu awiri okha oti palibe chatsopano akanandikhazika mtima pansi. Kalaliki wawo ndiye samva Chichewa, choncho loyayo akachokapo kuimba ku ofesi kunalibe phindu. Chachiwiri, mapepala ochokera kukhoti ankangonditumizira chithunzi chake m'Chipwitikizi cha malamulo, chimene ngakhale mwana wanga wa kusekondale chinkamuvuta, ndipo kumasulira kunkabwera mochedwa. Tsiku lina ndinagona ndi mantha chifukwa cha pepala limene linali longondidziwitsa tsiku la mlandu. Chachitatu, ndalama ya ulendo wawo wobwera kuno inali yapadera, ndipo ngakhale inalembedwa m'pangano lathu, sanaitchule pakamwa pamene tinkakambirana mtengo. Kwa munthu amene sawerenga bwino Chipwitikizi, chinthu chotere chimafunika kunenedwa momveka.

Pa ndalama zina zonse anali oongoka. Tinagwirizana mtengo tisanayambe, ndinalipira m'magawo awiri pa M-Pesa, ndipo gawo lililonse anandipatsa lisiti. Ndalama za khoti anazilekanitsa ndi zawo. Mtengo wake si wamasewera kwa munthu wa pamsika, ine ndinagulitsa mbali ya zokolola zimene ndinkasungira nthawi ya mitengo yabwino. Nditawafunsa nambala ya chiphaso chawo cha Ordem dos Advogados de Moçambique, bungwe la maloya a ku Mozambique, anandipatsa popanda kukhumudwa, ndipo ndikulangiza aliyense kuti azifunsa, chifukwa alipo anthu onyamula zikwama amene amalonjeza kuti amadziwana ndi oweruza. Amayi awa sanandilonjezepo kuti tipambana, ndipo sanatchulepo za kupereka kangachepe kwa wina aliyense.

Kwa amene akufuna kulembera loyayu kapena wina, uthenga woyamba ukhale ndi dzina lanu, kumene mukukhala, ana ndi zaka zawo, mtundu wa ukwati wanu, kumene mnzanuyo ali, ndi chimene mukufuna kuti khoti lichite. Zithunzi za mapepala zikhale zooneka bwino, mbali zonse ziwiri. Ngati m'banjamo muli nkhanza nenani poyambirira, chifukwa imeneyo ili ndi njira yake kudzera ku gabinete, ofesi ya kupolisi yoona za mabanja ndi ana, ndipo siyenera kudikira. Ndikuona kuti loyayu ndi woyenera kwa munthu amene mlandu wake uli ndi zokolana ngati wanga, mwana wosalembedwa dzina la bambo, kholo logwira ntchito kutali, kapena katundu wofunika kugawa. Mlandu wa nyumba tikuuyamba tsopano, ndipo ndawatenganso omwewa, koma nthawi ino tagwirizana kuti pepala lililonse lochokera kukhoti lizibwera ndi uthenga wa mawu wolifotokoza m'Chichewa.