Makadi a maphatikizo kapena mabuku a nthano mu Sitandade 1?

Makadi sadya ndalama. Mumadula katoni ya sopo, n'kulembapo ba, be, bi, bo, bu ndi zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wokhala kumbuyo aone. Popeza Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera, mwana akagwira "ba" ndi "mbo", posakhalitsa amawerenga yekha "bambo". M'kalasi yodzaza, makadi ndiwo amafikira aliyense.

Chomwe makadi alibe ndi chikoka. Mwana amene wamva kuti Kalulu wapusitsa Fisi amafunitsitsa kutsegula tsamba lotsatira, ndipo amatolamo mawu atsopano. Tsoka lake, mabuku otere ndi ochepa ndipo amang'ambika msanga, ngakhale ena mungabwereke ku National Library Service.

Ine teremu yoyamba ndingatsamire pa makadi, koma buku limodzi lomwelo ndiziwawerengera mokweza tsiku lililonse asanaweruke.