LabVIEW yatsopano ndi pulogalamu yosadziwa komwe ili

LabVIEW ya kampani ya NI, yomwe inatuluka koyamba mu 1986, ndi chida chodalirika kwa amene amapanga mapulogalamu oyezera zinthu ndi kuwongolera makina polumikiza mawaya ndi mabokosi m'malo molemba mizere ya mawu. Pa ntchito imeneyo timaiyamikira. Pomwe imavuta ndi apa: mukachoka pa vesheni yakale n'kuika yatsopano, pulogalamu yomwe inkadziwa kusiyanitsa ngati ili mkati mwa LabVIEW kapena yasanduka fayilo ya .exe (pulogalamu yomangidwa yoyenda kunja kwa LabVIEW) imayamba kusokonezeka. Fayilo ya zosankha sikupezeka, error 7 (yoti fayilo sinapezeke) yatulukira, kapena zenera la LabVIEW likungodzitsekera chifukwa khodi yaganiza kuti ili mu .exe ndipo yaitana Quit LabVIEW.

Kawirikawiri vesheni yatsopanoyo siinawononge kanthu. LabVIEW ili ndi njira zingapo zofunsira komwe pulogalamu ili, ndipo njirazo siziyankha chinthu chimodzi.

Yoyamba ndi Property Node (bokosi lowerengera mbiri ya chinthu) ya Application, gawo la Kind. Imeneyi imayankha pulogalamu ili m'kati mogwira ntchito, ndipo mayankho ake si awiri okha. Kuwonjezera pa Development System (mkati mwa LabVIEW) ndi Run Time System (mu .exe), pali Student Edition, Evaluation ndi Embedded LabVIEW. Ambiri amalemba kuti yankho likakhala Development System chitani ichi, likakhala lina lililonse muli mu .exe. Khodi yotere imayenda zaka popanda vuto, mpaka tsiku limene yatsegulidwa pa mtundu wina wa LabVIEW kapena yatumizidwa pa makina a Real-Time. Kukonza kwake n'kosavuta: mu Case Structure (bokosi losankha chochita potengera yankho), Run Time System ikhale ndi chipinda chakechake, ndipo Default ikhale mbali yomwe siitseka kapena kufufuta chilichonse.

Yachiwiri ndi Conditional Disable Structure (bokosi losankha mbali ya khodi yoti igwiritsidwe ntchito) yokhala ndi chizindikiro cha RUN_TIME_ENGINE. Iyi imasankha nthawi yomwe khodi ikukompailidwa (kusandutsidwa malangizo omwe kompyuta imayendetsa), ndipo mbali yosasankhidwayo imatayidwiratu. Ubwino wake ndi woti ntchito zomwe Run-Time Engine (injini yoyendetsa .exe popanda LabVIEW) singathe, monga VI Scripting (kupanga kapena kusintha khodi pogwiritsa ntchito khodi ina), sizithyola .exe yanu. Koma ili ndi msampha womwe wagwira akatswiri ambiri. Packed project library, fayilo ya .lvlibp yosunga khodi yokompailidwa kale, imamangidwa chizindikirocho chili True, ndipo chimakhalabe True ngakhale mwaitsegula mkati mwa LabVIEW. Choncho Kind ikunena kuti Development System, laibulale ikunena kuti Run-Time, ndipo onse awiri sakunama. Ngati funso lanu ndi lakuti ndani wandiitana panopa, funsani Kind. Ngati ndi lakuti khodi iyi ilowe mu build (fayilo yomwe ikumangidwa) kapena ayi, gwiritsani ntchito Conditional Disable. Apa tikuona kuti malangizo a LabVIEW akanayenera kuchenjeza momveka bwino kuposa mmene amachitira.

Yachitatu ndiyo yoipa kwambiri, ndipo ikupezekabe m'mapulogalamu akale: kutenga Current VI's Path (adiresi ya VI, yomwe ndi fayilo ya khodi ya LabVIEW) n'kuyang'ana ngati muli mawu a .exe, kenako kudula mapeto a adiresiyo ndi Strip Path kawiri kuti mupeze foda ya .exe. Zinkatheka mpaka LabVIEW 8.6, pamene ma VI onse ankaunjikana pamalo amodzi mkati mwa .exe. Kuyambira 2009 mafoda amasungidwa mmene analili pa diski, motero kudula kawiri kungakusiyeni mukadali mkati mwa .exe. Mu Build Specification, tsamba la Advanced, muli bokosi la Use LabVIEW 8.x file layout lomwe limabwezeretsa kale. Limathandiza pa changu, koma chokhalitsa ndi Application Directory VI, yomwe imapereka foda ya projekiti mukakhala mu LabVIEW ndi foda ya .exe mukakhala kunja.

Nthawi zina khodi ilibe mlandu, koma Run-Time Engine ndiyo sikugwirizana. Fayilo ya .exe imafuna injini ya vesheni yomwe inaimanga, komanso ya mabiti ofanana. Pulogalamu ya 32-bit imafuna injini ya 32-bit ngakhale Windows ili ya 64-bit, ndipo ambiri amapunthwa pamenepa. Onani injini zomwe zilipo mu NI MAX (pulogalamu yoonetsa zida ndi mapulogalamu a NI) pansi pa Software, kapena mufoda ya National Instruments\Shared\LabVIEW Run-Time, momwe vesheni iliyonse ili ndi foda yake ndi lvrt.dll yake. Kuyambira 2017 pali bokosi lolola kuti ma Run-Time amtsogolo ayendetse pulogalamuyo. Ndi labwino pa zida zing'onozing'ono, koma pa makina oyezera m'fakitale timalizimitsa, chifukwa munthu akaika injini yatsopano pa kompyutayo, pulogalamu yanu imasamukira pa injini yomwe simunaiyesepo.

Musanayambe kusintha khodi, tsukani zakale. Pitani ku Tools, Advanced, Clear Compiled Object Cache, kenako Mass Compile foda yonse ndipo muwerenge lipoti lake, makamaka mizere ya Bad VI. Mangani ma .lvlibp onse ndi vesheni yatsopano musanamange .exe. Ma VI oitanidwa ndi Open VI Reference aikeni pa Always Included, apo ayi sadzalowa mu build. Ma VI okhala kunja kwa .exe asakhale ndi Separate compiled code (kusunga khodi yokompailidwa kunja kwa VI), popeza Run-Time Engine ilibe kompaila. Madalaivala monga NI-DAQmx ndi NI-VISA ali ndi mbali zawo zofunika kuikidwa paokha, ndipo zikasowa mudzaona muvi wothyoka kapena error 1003, zosonyeza kuti VI singayende.

Chomwe timalimbikitsa kwambiri ndi VI yaing'ono yolemba mufayilo zinthu zinayi pulogalamu ikangoyamba: Kind, Version Number, yankho la RUN_TIME_ENGINE ndi la TARGET_BITNESS (32-bit kapena 64-bit). Ikani ina mu pulogalamu yaikulu, ina mu .lvlibp iliyonse, ndipo yesani pa kompyuta yomwe ilibe LabVIEW. Mizere inayiyo ikasiyana pakati pa mafayilo awiri, mwapeza pomwe payambira vuto.