Kukwera ku Erice: pa chingwe kapena pa msewu?

Mukakhala ku Trapani, kumadzulo kwa chilumba cha Sicily ku Italy, mudzi wa Erice mumauona uli pamwamba pa phiri, mamita pafupifupi 750 kuchokera pa nyanja. Njira zokafikirako ndi ziwiri: funivia, timabokosi toyenda pa chingwe m'mwamba, kapena msewu.

Ine mtima wanga uli pa funivia. Imayambira ku Casa Santa, kumapeto kwa tauni, ndipo m'mphindi ngati 10 mwafika pafupi ndi Porta Trapani, chipata cholowera m'mudzimo. Sikuti ndi yachangu chabe ayi. Pamene mukukwera, dziko limatambasuka pansi panu pang'onopang'ono: doko, madamu ophikira mchere ali mbuu, kenako zilumba za Egadi chapatali. Mukangotsika, tchalitchi chachikulu cha mu 1314 chili pomwepo ndi nsanja yake ya belu. Munthu amalowa m'mudzi maso atakhuta kale.

Koma ili ndi vuto limodzi lalikulu. Mphepo ikalimba amaiimitsa, ndipo phiri limeneli ndi la mphepo ndi chifunga. Mukakwera nayo, funsiranitu nthawi ya basi yomaliza yotsikira ku Trapani, chifukwa mabasi ake ndi apatalipatali, makamaka Lamulungu.

Msewu ndi wokhotakhota kwambiri, woyendetsa saona china koma makona. Kumtunda galimoto imatsala kunja kwa mpanda, pamalo olipira, popeza tinjira ta m'katimo ndi topapatiza, toyalidwa miyala. Komabe amene muli ndi agogo kapena ana aang'ono, kapena mukufuna kupitirira ku Segesta, komwe kuli mabwinja a mzinda wakale, tsiku lomwelo, galimoto ikuthandizani. Imakupatsaninso ufulu wokhalako mpaka usiku, magulu a alendo atatsika, osadera nkhawa za chingwe.

Kaya mwadzera iti, chotsalacho ndi cha miyendo. Valani nsapato zogwira pansi, miyalayo imaterera kukachita chinyezi, ndipo tengani juzi ngakhale ku Trapani kukutentha. Yendani mpaka ku Castello di Venere, linga limene a Norman, anthu amene ankalamulira Sicily nthawi imeneyo, anamanga m'zaka za m'ma 1100 pamalo a kachisi wakale wa Venus, mulungu wamkazi wa Aroma. Pobwerera dzerani ku sitolo ya makeke ya Maria Grammatico mukadye genovesi, makeke okhala ndi kirimu m'kati, akadali ofunda.

Ngati kunja kwacha bwino, kwerani funivia, ndipo mutsike nayo dzuwa likulowa kuseri kwa Egadi.