iTrace: pulogalamu yotsata maso a wolemba mapulogalamu

Ofufuza amene amafuna kudziwa momwe olemba mapulogalamu amawerengera code (malangizo olembedwa a pulogalamu) akhala akuvutika chifukwa zipangizo zambiri zotsata maso zimangolemba malo a pa sikirini pamene diso lagwera, ndipo munthu akatsitsa tsamba kapena kutsegula fayilo ina, malowo sakhalanso ndi tanthauzo. iTrace, yomwe inakonzedwa motsogozedwa ndi Bonita Sharif ndi Jonathan Maletic, inathetsa vutoli. Imagwira ntchito mkati mwa Eclipse ndi Visual Studio, mapulogalamu olemberamo code, ndipo mothandizidwa ndi srcML, chida chozindikira zigawo za code, imalumikiza diso ndi mzere weniweni, dzina la variable (posungira chinthu mu code) kapena function (kagawo ka code kochita ntchito inayake) imene munthu akuyang'ana, ngakhale akuyendayenda m'mafayilo ambiri.

Apa ndi pamene pagona ubwino wake, pakuti kafukufuku wa Teresa Busjahn ndi anzake wa mu 2015 anasonyeza kuti akatswiri satsata mizere mwandondomeko monga amachitira ophunzira kumene, koma amalumphalumpha. iTrace imathandiza kufufuza khalidwe lotere pa code yaitali, osati pa tizidutswa tating'ono tokha tokwana pa sikirini imodzi.

Pulogalamuyi ndi yaulere, koma chipangizo chotsata maso, monga cha Tobii kapena Gazepoint, muyenera kugula panokha. Kuikonza kuti iyambe ntchito kumafuna kuleza mtima, ndipo zotsatira zake zimafuna munthu wodziwa kusanthula manambala. Ndikuiyamikira kwa ofufuza, koma mphunzitsi wongofuna kuona msanga pamene ophunzira akuvutikira angaione yolemetsa.